Momwe zikuyendera: sewero la usiku umodzi, dayirekita ndine, wamalayiti ndinenso

Sabata yoyamba, pa tebulo

Kontilakiti yasainidwa, ndiye nditha kuyamba kulemba tsopano osaopa kuti mawa andiimbira foni kuti pulojekiti yaimitsidwa. Kwa amene simundidziwa, ine ndilibe kampani imodzi yomwe ndimaigwirira ntchito, amene wandiitana ndiye bwana wanga pa nthawi imeneyo, pena amandiitana kuti nditsogolere sewero, pena kuti ndikonze malayiti basi, ndiye ulendo uno eni pulojekiti atayang'ana bajeti yawo aona kuti bola munthu mmodzi agwire zonse ziwiri. Ndavomera, koma ndawauza poyera kuti izi ndi ntchito ziwiri ndipo pa pepala zilembedwe ziwiri, chifukwa ukangoti "aaa musadandaule ndingopanga zonse" chaka chamawa aliyense amakhala akudziwa kuti iwe malayiti umapanga ulere.

Sewero lake lili chonchi: anthu anayi, chipinda chimodzi, usiku umodzi. Mayi, ana awo awiri akuluakulu amene atha zaka osalankhulana, ndi mlendo amene wabwera ndi kalata yomwe palibe akufuna kuitsegula. Likuyamba dzuwa likulowa, likutha kukucha. Palibe kusintha malo, palibe nyimbo zovina, palibe chothawirako. Chomwe chimasintha ndi nthawi yokha, ndipo pa siteji nthawi imaoneka ndi kuwala, n'chifukwa chake ndinalilandira ndi manja awiri.

Tayamba ndi kuwerenga titakhala pansi. Awiri mwa ochita sewero zokhala pa tebulo sizikuwasangalatsa, akufuna adzuke tsiku loyamba lomwelo, koma mbali iyi ine sindiidumpha. Stanislavski, dayirekita wotchuka wa ku Russia, ndi anzake a Moscow Art Theatre, yomwe inayamba mu 1898, ankakhala nthawi yaitali pa tebulo kusanthula sewero asanaimirire, ngakhale iye mwini atakalamba anayamba kukonda zoti anthu adzuke msanga n'kumafufuza ndi thupi. Ine ndili pakatipakati. Pa tebulo sindifunsa zambiri, tsamba lililonse ndimafunsa zitatu: munthu uyu akufuna chani kwa mnzakeyo, pano ndi nthawi yanji, ndipo kuwala m'chipindamu kukuchokera kuti. Wolemba anangolemba kuti "usiku" basi, koma usiku wa 8 koloko anthu akadali ndi mphamvu zokangana si usiku wa 3 koloko pomwe aliyense watopa moti atha kunena zoona mosafuna.

Sabata yachiwiri, taimirira

Chipinda chomwe tikupangira ma rehearsal chili ndi machubu oyera aja a kudenga omwe amachititsa aliyense kuoneka ngati wadwala. Ndawathimitsa. Ndabwera ndi nyali imodzi ya pa tebulo, tochi, ndi chingwe chachitali, tikuyeserera ndi zimenezo. Stage manager wathu, amene amayendetsa sewero kuseri ndi kulamula nthawi yosintha malayiti, mayi wodekha koma wosalola zopusa, anadandaula kuti sakuona buku lake, tamupezera kanyali kake pakona, nkhani yatha.

Tsopano apa ndi pomwe kugwira ntchito ziwirizi kukulipira. Nthawi zambiri ndikaitanidwa ngati wamalayiti chabe ndimafika kwatsala sabata imodzi, dayirekita atamaliza kale zonse, uyu aima apa, uyu akhala apo, ndiye ntchito yanga imangokhala kuthira kuwala pa zinthu zomwe zinauma kale. Umafunsa kuti bwanji munthuyu waima pakona yomwe layiti siingafike, amakuyankha kuti "tinazolowera choncho, ingopezani njira". Pano n'zosiyana. Asisi amene akusewera mayi uja, popanda wowauza, nthawi iliyonse akafika pa mawu omwe mayiyo akunama ankatembenuka kuipatsa nyali msana, nkhope n'kulowa mu mdima, ndipo akafika poti anene zoona ankasendera pafupi nayo. Ndinawafunsa kuti, asisi, mukudziwa chomwe mukuchita? Akuti ayi, kungoti kunama kuwala kuli pankhope kukuwavuta. Basi, mayendedwe a chigawo chonse chachiwiri tawamanga pamenepo. Izi pansi pa machubu a kudenga sizikanatuluka, ngakhale tikanayeserera mwezi wathunthu.

Si ine ndayamba kuganiza choncho. Adolphe Appia, wokonza siteji wa ku Switzerland, amene anabadwa mu 1862 n'kumwalira mu 1928, ankalimbana ndi chizolowezi chojambula mitengo, mapiri ndi zithunzithunzi pa nsalu n'kuziwalitsa zonse mofanana. Iye ankati thupi la munthu si lafulati ngati nsalu, lili ndi kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndiye kuwala kukhale kochokera mbali inayake, kubweretse mthunzi weniweni. Ndipo tisaiwale kuti nthawi imeneyo magetsi anali atangolowa kumene m'zisudzo, Savoy Theatre ya ku London inayatsa magetsi mu 1881, kale kunali gasi, ndipo gasi asanabwere anali makandulo ndi nyali za mafuta. Anthu atangopeza magetsi chomwe anathamangira ndi kuwalitsa paliponse, ndipo kunena zoona matenda amenewo sanathe mpaka lero.

Achimwene amene akusewera mwana wamkulu akadali ndi pepala m'manja. Akuti amaloweza mochedwa koma akaloweza saiwala. Tiona.

Sabata yachitatu, ndakaona holo

Pa pepala lomwe anatitumizira zida zinalipo zambiri. Nditafika n'kuyamba kuyatsa imodziimodzi nkhani inasintha, zina mababu anapsa, ina lenzi inasweka, zina zilipo dzina lokha. Izi sizondidabwitsa, ndi lamulo langa kuti mndandanda wa zida sindiukhulupirira mpaka nditagwira layiti iliyonse ndi dzanja langa. Zomwe zili zamoyo: ma Fresnel angapo, ma PAR 64 akale a 1000 watts, ma profile ochepa a mtundu wa Source Four, ndi ma LED omwe holoyo inagula posachedwa ndipo eni ake amanyadira nawo kwambiri.

Kwa amene mukuphunzira, kusiyana kwake n'kotere. Fresnel imatulutsa kuwala kofewa m'mphepete, yabwino kuthira pa malo aakulu, dzinalo ndi la Augustin Fresnel wa ku France amene anapanga lenzi yamizeremizere ija m'zaka za m'ma 1820 kuti izigwira ntchito mu nsanja zounikira sitima zapanyanja. PAR ndi mphamvu basi, ilibe ulemu, umailozetsa n'kuisiya. Profile ndiye yaukhondo, ili ndi timipeni tinayi mkati todulira kuwala kuti kuthere pomwe ukufuna, ukhoza kuikamonso gobo, kachitsulo kobooledwa kamene kamajambula zenera kapena masamba pansi. Source Four anaitulutsa a kampani ya ETC mu 1992, ndipo chomwe inatchukira n'choti ndi babu la 575 watts inkawala ngati zakale za 1000 watts. Ndili nazo zochepa ndiye iliyonse ndikuiwerengera ntchito yake, ya kuwala kopapatiza, ya 26 degrees, ipita kutali kutsogolo, ya kuwala kotambasukirapo, ya 36, ikhala ya zenera.

Masamu a magetsi osawathawa. Watts kugawa ndi volts ndiye amps, layiti ya 1000 watts pa magetsi a 230 volts imakoka pafupifupi 4.3 amps, ndiye channel, kutanthauza mzere umodzi wa dimmer, chida chokwezera ndi kutsitsira kuwala, ikakhala ya 10 amps imanyamula ziwiri, ukaika yachitatu buleka igwa, ndipo imasankha kugwa pomwe holo yadzadza. Ndakhala ndi pensulo kuwerengera zonse ndipo ma PAR ena ndawachotsa pa pulani, osati chifukwa cha magetsi okha komanso sindikuwafuna.

Pa za pulani. Pafupifupi aliyense amene anaphunzira malayiti anayambira pa njira ya Stanley McCandless wa ku yunivesite ya Yale, yomwe anailemba mu 1932: gawa siteji m'zigawo, chigawo chilichonse chilandire malayiti awiri ochokera kutsogolo, ina kumanzere ina kumanja, iliyonse pa 45 degrees, ina yamtundu wofunda ina yozizira. Njirayi ndi yabwino, nkhope imaoneka bwino ndipo siphwatalala. Koma imadya zida zambiri, ndipo ukaitsatira ngati lamulo usiku wako umaoneka ngati masana omwe wina wawachepetsa pang'ono. Ine ndatengako theka, kutsogolo ndaika zochepa zongothandiza maso kuti aziona milomo, chifukwa anthu akapanda kuona pakamwa amayamba kudandaula kuti sakumva. Mphamvu yeniyeni ndaiika m'mbali ndi kumbuyo. Za m'mbalizi anazikulitsa ndi anthu ounikira magule ngati Jean Rosenthal amene ankagwira ntchito ndi katswiri wa magule Martha Graham, ndipo ine ndimaona kuti pa sewero la mawu zimagwiranso, bola ochita sewero asamatsekerezane.

Kenako mitundu. Anthu anga anayi khungu lawo ndi losiyanasiyana, wina woderapo kwambiri wina woyererapo, ndipo gel, pulasitiki yamtundu yoika kutsogolo kwa layiti, yomwe ikukometsa mmodzi ikhoza kumusandutsa mnzake phulusa. Mabuku ambiri akale analembedwa poganizira khungu loyera, amangoti ika mtundu wakuti, osanena kuti pa nkhope ya ndani. Ndiye sindikusankha pa kabuku, ndawaimika anayiwo pamzere n'kumasintha ma gel ndikuyang'ana. Mpaka pano gel ya Rosco 02 ikugwira pa nyali ya m'chipinda, Lee 136 ya lavenda wopepuka ikuthandiza onse anayi, Lee 201 ya buluu ndiye ya kunja kwa zenera. Zobiriwira ndazikana zonse. Mnyamata wa pa holopo amafuna ndiike Lee 181, ya buluu woderatu, kuti "usiku uoneke usiku", gel imeneyo imadutsitsa kuwala kosakwana 1 peresenti, ndiye kuti ukuwotcha magetsi onsewo kuti upeze pafupifupi mdima, komanso pa PAR imapsa msanga. Ndamuuza kuti tiisunge ya konsati.

Pakati pa sabata, zina za moyo uno

Ndalandira foni ya ntchito ina, malayiti okha, ndipo masiku ake akugundana ndi sabata yathu ya tech, yoyeserera sewero mu holo pamodzi ndi malayiti. Ndakana koma ndawapatsa dzina la mnzanga, iyenso tsiku lina adzandikumbukira, ntchito yathuyi imayenda choncho. Chowawa n'choti sewero lino likangotsegulidwa kalendala yanga ili mbee, ndipo amene ndinawagwirira ntchito ulendo watha sanamalizebe kundilipira, invoice ndatumizanso, yankho lake ndi lija lija loti "zili mu process". Anthu amaona ngati wodziyimira payekha ndi mfulu, zoona ndithu, koma ndiwe wemwe akauntanti, ndiwe wemwe wotsatsa, usiku uli pa kompyuta kulemba pulopozo ya pulojekiti yomwe mwina sidzachitika pomwe m'mawa ukufunika kukhala ndi mutu wabwino pa rehearsal.

Ulendo uno ndinalimbikira kuti malipiro agawidwe patatu, posaina, poyamba tech, ndi potsegulira. Gawo loyamba linalowa.

Kupachika ndi kufokasa

Talowa mu holo. Tsiku lopachika ndimavula udayirekita, ochita sewero ndawasiya ndi stage manager akubwereza mawu ku chipinda china. Lamulo ndi limodzi ndipo sindiseka nalo: layiti iliyonse yomwe ili pamwamba pa mitu ya anthu ikhale ndi kalampu yomangidwa bwino komanso waya wachitetezo, ndipo munthu akakwera makwerero pansi pakhale womugwirira. Sipanala imangiriridwe ku lamba. Panali kung'ung'udza kuti tikuchedwa, ndinangokhala chete mpaka waya womaliza atalowa.

Titayatsa ma LED anayamba misala, kuphethira okha, ina kusintha mtundu popanda wokhudza desiki, makina oyendetsera malayiti onse. Anyamata anayamba kunena kuti desiki yafa. Desiki sinafe. DMX512, chilankhulo chomwe desiki imalankhulira ndi malayiti, inakhazikitsidwa mu 1986 ndi USITT, bungwe la ku America la zaumisiri wa zisudzo, mzere umodzi umanyamula ma channel 512 ndipo channel iliyonse imayenda kuchokera pa 0 mpaka 255. Ndi yodalirika koma ili ndi malamulo ake: zida zisapitirire 32 pa chingwe chimodzi popanda splitter yogawira chingwecho, ma address, manambala omwe layiti iliyonse imadziwika nawo, asagundane, ndipo kumapeto kwa mzere kukhale terminator, kapulagi kotsekera mzere ka 120 ohms. Titalondola chingwe tinapeza kuti pakati wina analumikiza chingwe cha maikolofoni chifukwa mapulagi ake amalowana, komanso kumapeto kunalibe terminator. Chingwe cha maiki chimatha kugwira pa mtunda waufupi n'kukupusitsa, koma sichinapangidwire zimenezo. Tasintha, taika terminator, zonse zii.

Kufokasa, kulozetsa layiti iliyonse pomwe ikuyenera kuwalira, ndiye mbali yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndipo anthu ambiri imawatopetsa. Holo yonse mdima, layiti imodzi yokha yoyaka, ine ndaima pa siteji pomwe padzaime munthu, msana ku layiti, ndikuyang'ana chithunzithunzi changa pansi, kumakuwira amene ali pamwamba: kwezani pang'ono, kumanzere, bwererani, dulani pamwamba, mangani pomwepo. Imodziimodzi mpaka zonse. Ndimakweza dzanja m'mwamba kuona ngati wamtali wathu akwanamo, chifukwa ukafokasa ndi msinkhu wako wekha mnzako wamtali amadzadulidwa mutu. Chinanso chomwe anthu amaiwala, mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye layiti ya kumbuyo kwa holo ndi ya pamwamba pa siteji ngakhale zikhale zofanana sizingapatsidwe nambala imodzi pa desiki.

Zenera latuluka bwino kuposa momwe ndimaganizira. Profile imodzi, gobo imodzi, yapendekeka pansi n'kukwera pang'ono pa mwendo wa tebulo. Wopanga seti ataliona anangoti "eee", n'kupita kukachotsa katani yomwe takhala tikukangana za iyo kuyambira sabata yoyamba.

Tech

Apa ndiye mitu iwiri ija yayamba kumenyana. Dayirekita amafunika kuyang'ana anthu, wamalayiti amayang'ana chithunzi, ndipo maso ndi omwewo awiri. Pomwe ndikusintha manambala pa desiki achimwene osewera mwana wamkulu aja adumpha mizere itatu ine osaona, pomwe ndikuwamvetsera cue, nthawi yoti malayiti asinthe, yadutsa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndiye tagwirizana ndi stage manager chonchi: m'mawa ndi wa malayiti, tikuyenda cue ndi cue, ochita sewero akungoima pomwe auzidwa ndipo sindiwapatsa ndemanga ngakhale imodzi ya kasewerodwe. Masana ndi a sewero, desiki ndaisiya m'manja mwa opareta, ine ndakhala pakati pa holo ndi kabuku, ndikaona vuto la layiti ndikungolemba osaimitsa. Mayiwa anandiuza mosapsatira kuti, "achimwene, mukadzuka kupita ku desiki masana ndikubwezani ndi dzanja." Ndipo amatanthauza.

Chomwe chimasowa ukagwira zonse wekha ndi munthu wokutsutsa. Ndikakhala wamalayiti wa dayirekita wina amandiuza kuti izi n'zokongola koma sizikuthandiza nkhani, ndimakwiya pang'ono kenako n'kuchotsa. Pano wonena zimenezo palibe, ndiye ndamupempha wopanga seti kuti akhale mdani wanga sabata ino, chilichonse chomwe akuona kuti ndaika pofuna kudzionetsa anene. Wanena zambiri ndithu. Ma cue omwe ndinabwera nawo pa pepala pafupifupi theka apita. Panali kena kofiira komwe kankalowa kalata ikamatsegulidwa, iye anangofunsa kuti "kufiirako kukuchokera kuti m'chipindamu?" Kachoka. Ma LED ndi oopsa pa chifukwa chimenechi, mtundu uliwonse uli pa chala, sufunika kukwera makwerero kukasintha gel, ndiye umayamba kupenta chifukwa choti ungathe.

Pali chinanso cha ma LED. Babu la tungsten, lakale lija la kawaya kotentha mkati, likayaka lonse limakhala loyera, pa muyezo wa mtundu wa kuwala ndi 3200K, ukamalitsitsa limafiirira lokha, kuchoka koyera kupita ku chikasu mpaka kofiirira ngati khala lisanazime, ndipo diso la munthu linazolowera zimenezo. LED ikamatsika mtundu umakhala womwewo, ndipo zotchipa zikafika pansi penipeni zimatsika modumphadumpha kenako n'kuzima mwadzidzidzi. Ndiye nyali ya m'chipinda ndi chilichonse chogwa pa nkhope ndasiya pa tungsten, ma LED ndawapatsa khoma lakumbuyo ndi thambo la pa zenera komwe kusintha mtundu pang'onopang'ono kukufunika. Eni holo akhumudwa pang'ono kuti zida zawo zatsopano zili kumbuyo.

Cue yomwe ndikunyadira ndi ya m'bandakucha. Ikuyamba mayi akangokhala pansi komaliza ndipo ikuyenda mphindi 12, pang'onopang'ono moti palibe angaloze kuti yayamba apa, munthu amangozindikira kuti akuona makoma omwe sankawaona. Ndi dzanja pa fader, kokankha kokwezera ndi kutsitsira kuwala pa desiki, zimenezi n'zovuta kuzibwereza mofanana usiku uliwonse, apa ndiye ndimathokoza desiki ya kompyuta. Ku Broadway, ku zisudzo zikuluzikulu za ku New York, desiki yotere inalowa mu 1975 ndi wamalayiti Tharon Musser, kale ma dimmer ankakankhidwa ndi anthu angapo, manja, zigongono, pena ndi mapazi omwe. Koma ma cue ena ndakana kuwaika pa nthawi yoikika. Pomwe mwana wamng'ono akuzimitsa nyali, stage manager akuyang'ana chala chake osati buku, "go" ikutuluka chala chikafika pa switchi, chifukwa ikachedwa ngakhale theka la sekondi holo yonse imadziwa kuti nyaliyo ndi yabodza.

Za mdima. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima kwathunthu, koma kuwala kwamphamvu kamodzi kokha kumafafaniza zonsezo. Ndiye sewero lonse ndalikonza motsetsereka, chigawo choyamba chowala bwino, kenako kumatsika pang'onopang'ono anthu osadziwa, pofika 3 koloko ya m'sewero manambala pa desiki ali pansi kwambiri moti munthu wongolowa kumene anganene kuti sakuona kanthu, koma amene wakhalamo kuyambira poyamba akuona mpaka misozi. Izi zikutanthauza kuti ochedwa salowa pakati, ndalimbana nazo ndi a pakhomo mpaka avomera. Zikwangwani zosonyeza potulukira ndiye sizizimitsidwa, wina anapereka maganizo oti tiziphimbe, ayi, zimenezo ndi za moyo wa anthu, ndangotembenuza mipando iwiri ndi kudula kuwala komwe kumagwera pa siteji kuchokera ku khonde.

Achimwene aja aloweza. Ananena zoona, sakuphonya ngakhale liwu.

Chionetsero choyeserera

Tinaitana anthu ochepa, anzathu a zisudzo ndi ena amene sadziwa chilichonse za siteji, ndipo ndemanga za achiwiriwa ndi zomwe ndimazifuna kwambiri. Palibe anatchula malayiti, wina anangoti anamva kuzizira chakumapeto. Mnzanga wina wamalayiti ndiye anandikokera pambali kuti mlendo uja akaima pakhomo maso ake sakuoneka, mphumi ikuphimba chifukwa layiti yatsika mowongoka kwambiri. Ndinakhala pa mpando womwe anakhala iye, kumapeto kumanja, ndipo kuchokera pamenepo n'zoona. Ndaika ka Fresnel kakang'ono pansi kuseri kwa mpando wa pa seti, pa 15 peresenti basi, maso abwera.

Mbali ya udayirekita: chigawo choyamba chikutalika, anthu anayamba kusuntha m'mipando mlendo asanalowe. Sindidula mawu, wolemba ali moyo ndipo kontilakiti yake siilola popanda chilolezo chake, komanso vuto si mawu, ndi timipata tomwe ochita sewero ayamba kuika pakati pa mizere, aliyense akufuna kupuma mwaluso. Ndawauza kuti kukhala chete kwakukulu m'seweroli kulipo kumodzi, pa kalata, kwina konseko akuba kuchokera pamenepo. Asisi aja anaseka n'kuti "ndiye mwatigwira".

Wojambula anabwera ndi kamera ndipo anapempha kuti ndikweze malayiti onse chifukwa kamera yake siikuona, komanso khoma la LED likupanga mizere pa vidiyo. Sewero sindilisintha chifukwa cha kamera. Tapangana tsiku lapadera lojambula, ndidzakopera show file, fayilo yomwe desiki imasungamo ma cue onse, n'kukweza manambala pa kope imeneyo, iye adzasintha shutter yake mpaka mizere ithe. Zithunzizo ndikuzifunanso ine, ntchito ya malayiti ikazima yazima, chomwe umatsala nacho chokaonetsa amene angakulembe ntchito mawa ndi zithunzi basi, ndipo ndaonetsetsa kuti dzina langa lilembedwe pa ntchito zonse ziwiri mu pulogalamu ndi pansi pa chithunzi chilichonse.

Tatsegula

Usiku woyamba wadutsa, cue imodzi inachedwa pang'ono chifukwa anthu anaseka pamalo pomwe sitinkayembekezera ndipo stage manager anadikira kuti kuseka kuthe, anachita bwino, ndamuuza kuti azitero. Kuyambira pano sewero ndi lake, ine ndizingobwera apo ndi apo kudzaona ngati silikutupa. Gawo lachitatu la malipiro akuti sabata yamawa.

Zomwe zatsala pa tebulo langa: kujambulanso pulani kuti igwirizane ndi zomwe zili kudenga panopa osati zomwe ndinalota poyamba, pepala la patch losonyeza kuti layiti iliyonse ili pa channel iti, pepala la focus la layiti iliyonse ndi chithunzi chake, mndandanda wa ma gel ndi ena osungira chifukwa a buluu ayamba kale kuyera pakati, show file pa ma flash awiri osiyana, imodzi kwa stage manager imodzi kwa ine. Opareta ndamuonetsa zoyendera malayiti onse anthu asanalowe, channel ndi channel, komanso komwe kuli mababu osinthira.

Eni pulojekiti ayamba kale kukamba zoti seweroli lipite ku maholo ang'onoang'ono, ena alibe ndi zitsulo zopachikapo zomwe. Ndawauza kuti n'zotheka koma imeneyo ndi dizaini ina, ikufunika kontilakiti yake, ndipo pulani yanga asaipereke kwa munthu wina kuti akaigwiritse ntchito osandifunsa. Ndayamba kale kuwerengera pa kapepala kuti zochepetsetsa zomwe seweroli lingayende nazo ndi ziti: nyali ya pa tebulo, profile ya zenera, ziwiri za m'mbali pa ma stand, imodzi ya kumbuyo, ka Fresnel ka maso a mlendo, ndi dimmer yaing'ono yonyamula m'manja. Vuto lili pa m'bandakucha uja, popanda khoma la LED ndifunika ma Fresnel awiri a ma gel osiyana oti azipatsana pang'onopang'ono, ndipo ndiyenera kukayesa ngati kadesiki koyenda nako kangakwanitse fade ya mphindi 12 osadumpha. Ndapempha holo Lachiwiri m'mawa anthu asanabwere.